Zipolopolo Zazifupi za a Gotts

A Horace Gotts anakalamba akukumba ngalande m'minda ya ku Norfolk, ntchito yosatchukitsa munthu. Chonyadira chawo chinali chimodzi: mfuti ya mipope iwiri imene anasiya malemu bambo awo, yakale kuposa nyumba imene ankakhalamo. Nyengo yozizira ikafika, atsekwe n'kuyamba kulira kudambo la kugombe, mkuluyu sankamvanso za munthu.

Kenaka kunabwera lamulo loletsa kuombera mbalame za m'madzi ndi zipolopolo za mtovu. Anzawo anagula mfuti zatsopano zolola zipolopolo zachitsulo. A Gotts anakana, ndipo liuma lawo linali losasimbika: anapachika mfuti, zaka zisanu ndi zitatu n'kumapita kudambo chimanjamanja kukaonerera anzawo.

Chaka chimene mwendo unayamba kuwavuta, mwana wawo wamkazi anawauza kuti akakhale naye mumzinda wa Leicester, m'nyumba yosanja momwe munalibe posunga mfuti. Anavomera, koma mtima unakakamira pa chinthu chimodzi: aombeko tsekwe mmodzi yekha ndi mfuti ya bambo awo asanaipereke.

Alamu awo, a Wilf, anawabweretsera zipolopolo zachitsulo. Anatsegula mfutiyo n'kuponyamo ziwiri.

"Mwaona, alamu? Zalowa bwinobwino. Chikalowa ndiye kuti n'chake. Mfuti si mkazi woti muzichita kumunyengerera."

A Gotts sanakhutire. Anapita nayo kwa mayi Leggett, okonza mfuti m'tauni. Mayiwo anayeza mipope ija mosapupuluma.

"Bambo Gotts, amene wakuuzani zimenezo akufuna mutsale ndi zala zitatu. Chipolopolo ichi n'chachitali. Chimalowa chikadali chotseka, koma chikaphulika kukamwa kwake kumafutukuka, malo n'kusowa. Komanso mipopeyi yapyapyala ngati chitini. Njere zachitsulo ziing'amba."

"Ndiye kuti yatha ntchito?"

"Ayi, ikadali ndi moyo. Ikufuna zazifupi, za onga wochepa, njere zake zofewa ngati mtovu, zotchedwa bisimati. Pano ndilibe, ndichita kuitanitsa."

Anadikira. Lachisanu lililonse ankakwera basi kukafunsa, n'kubwerako ndi buledi yekha. Masiku ololedwa kusaka ankatha, atsekwe nawo anali pafupi kubwerera kwawo kumpoto.

Tsiku lomaliza analawirira kudambo ndi a Wilf, akutsimphina m'matope. Zachitsulo zija zinali m'thumba la jekete, ndipo tisabise, anaziika mumfuti. Munthu ukalakalaka chinthu zaka zisanu ndi zitatu, nzeru zimachepa. Atsekwe anabwera motsika, mapiko akuchita kumveka. A Gotts anakweza mfuti, n'kugunditsa tsaya pamtengo wake umene unasalala ndi tsaya la bambo awo. Chala chinafika pokhethemulira.

"Ombani, alamu. Mukudikira kuti akupatseni moni?"

Anatsitsa mfuti, n'kuitsegula, n'kutulutsa zipolopolo zonse ziwiri. Za zala zawo sanaganizeko n'komwe. Anaopa kuona mipope ija itang'ambika m'manja mwa iwo amene anaisamala zaka makumi asanu. Anangoima n'kuwaperekeza ndi maso atsekwewo mpaka kulira kwawo kutazilala, ndipo zinawawawa kwambiri.

Mfuti anakaisiya kwa mayi Leggett kuti aipezere mwini wina. Patatha milungu itatu, ali pawindo ku Leicester akuyang'ana magalimoto, foni inalira.

"Bambo Gotts, ndine Leggett. Zipolopolo zija zafika."



"Mudzam'patse amene adzaitenge mfutiyo," anatero a Gotts. "Mudzamuuzenso kuti mpope wakumanzere umaponya m'mwamba pang'ono. Asadzaitukwane, ndi mmene ilili."