Chigayo Chinadikira Dzuwa pa Maliro a Agogo

Tswii, tswii, tswii. Kabokosi ka pakhoma la chigayo kanalira katatu m'mawa umenewo, ndipo ndinakamva ndikudutsa kuseri kwa nyumba yathu, kumene kuli chigayocho. Kakalira katatu ndiye kuti magetsi achepa, makina aakulu adikire. Inali nyengo yachisanu, nkhungu itakuta mapiri a Ntchisi kwa masiku awiri. M'nyumba munali mutagona thupi la agogo anga.

Iwowo ndi amene anandilera. Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, bambo sindiwakumbuka n'komwe. Ndinakula wosalankhulalankhula. Anthu ankati ndine wamanyazi, koma ine ndinkangoyang'ana. Ndinkaona agogo akusenza chimanga kupita ku chigayo cha dizilo ku Kasakula, n'kukhala pamzere pomwe paipi inkalavulira utsi wakuda, n'kubwerera akutsokomola, chitenje chikununkha mafuta. Dizilo akasowa ankasinja mumtondo, ndipo poti panyumba panalibe mtsikana, musi wachiwiri unali wanga.

Magetsi a sola atafika m'dera lathu, gulu la m'mudzi linagula chigayo cha magetsi n'kundipatsa kiyi. Anati munthu wosakonda macheza sathawa ntchito. Mapanelo ali pamtunda, pafupi ndi kanyumba ka mabatire. Kuchokera pamenepo mawaya amapita ku kachipatala kathu, kusukulu, m'magolosale, kwa wowotcherera ndi m'makomo. Aliyense ali ndi kabokosi kake, ndipo timabokosi tonse timamvera kompyuta ya m'kanyumbako. Dzuwa likawala, imatitsegulira ife a makina aakulu. Mitambo ikachuluka, imayamba kutseka ife, kuti mabatire asungire filiji ya katemera ndi nyali za m'chipinda cha amayi oyembekezera. Amene anatiikira magetsiwo ananena kuti n'chifukwa chake sitifunikira jenereta ya dizilo, ndipo utsi umene ukusokoneza mvula padziko ukuchepako. Za dziko lonse sindizidziwa. Ine ndinkadziwa chifuwa cha agogo.

Pa maliro panabwera anthu ochuluka kuposa ufa umene tinali nawo. Ena anapalasa njinga kuchokera ku Malomo. Amayi a m'mudzi anasonkhanitsa matumba atatu a chimanga n'kuwaika pakhomo la chigayo. Amalume, mchimwene wa mayi anga, amenenso ndi mwinimbumba wathu, anandiitanira komweko. M'manja anali ndi waya wofiira, kutalika kwake ngati mkono.

"Tsegula," anatero.

"Magetsi achepa, amalume. Kalira katatu."

"Ndili ndi makutu. Wowotcherera wandionetsa kale. Waya uyu ukamulumikiza apa ndi apa, magetsi akalambalala kabokosiko. Ola limodzi basi."

"Ayi."

Anandiyang'ana ngati amva mbuzi ikulankhula. Chibadwire ndinali ndisanawakanepo chilichonse.

"Wati chiyani?"

"Ola limodzi la chigayo limaliza mabatire onse. Filiji ya kuchipatala izima."

"Iwe, amene agona m'nyumbamo ndi mayi anga. Anakutola ulibe ndi kabudula yemwe. Lero anthu abwerere ndi njala pa maliro awo chifukwa cha kabokosi?"

Adzukulu awiri, amene anachokera kumanda kudzatenga madzi akumwa, anaima kuti amve bwino. "Achimwene," mmodzi anandiuza, "ife tayamba kukumba tambala asanalire. Kabokosi kanuko katiphikira? Kapena nako tikakakumbire kadzenje kake pambali?"

Anthu anaseka. Ine ndinadziwa chimene ndinali kutaya. Kwathu ukanyozetsa maliro a amene anakulera, mbiri imeneyo umafa nayo. Koma sabata yomweyo ndinali nditaona namwino akutsitsa bokosi la katemera pa njinga yamoto. Ndinadziwanso kuti kuchipatala kukangozima kamodzi, mawa lake anthu adzati sola ndi zidole, tibwezereni dizilo wathu.

"Nkhungu ichoka nthawi ya leveni," ndinatero. "Tidikire."

"Ndipatse kiyi."

Kiyiyo ndinaiika m'thumba la jekete. Ndinapita kukhitchini kwa agogo, n'kugubuduza mtondo wawo mpaka pakhomo la chigayo. Ndinabwereranso kukatenga misi iwiri ija. Ndinamasula thumba limodzi, kuthira chimanga mumtondo, kuwaza madzi pang'ono monga ankachitira iwo, n'kuyamba kusinja.

Pabwalo mayi wina anakuwa, "Abale, mwamuna kusinja pa maliro!"

Sindinadzutse mutu. Amalume ananena zambiri, zina sindingazilembe. Anati ndawavula pagulu. Anati magetsi andilowa m'mutu. Ine ndimangokweza musi n'kutsitsa.

Amene anandiyandikira anali mayi wachikulire wa mumpingo, mnzawo wa agogo, atavala bulauzi yoyera. Anamanga chitenje mwamphamvu n'kutola musi wachiwiri.

"Sendera uko, mwanawe," anatero. "Ukugwira musi ngati malemuwa, ndi kupendekera komwe."

Tinasinja mosinthana, iwo kutsitsa ine kukweza. Posakhalitsa atsikana anabwera ndi mitondo ina iwiri ya m'makomo oyandikana, ndipo amayi amene ankaimba m'nyumba ya siwa anayamba kutsatira kugunda kwa misi. Koma chimanga chouma sichisanduka ufa msanga. Umene tinapeza unangokwanira adzukulu.

Leveni inakwana, nkhungu ili pompo. Thwelofu inakwana. Mdzukulu uja anadutsanso n'kundifunsa ngati wotchi ya dzuwa langa yatha batire. M'manja mwanga munatuluka matuza, amene anaphulika n'kumata pa musi. Amalume anakhala pa mwala moyang'anizana ndi chitseko, waya uja ali pa bondo. Akanafuna akanathyola loko, panalibe wowaletsa. Sanadzuke. Ine sindinasiye.

Dzuwa linatuluka cha m'ma thu koloko. Kabokosi kanalira kamodzi, kanyali kake n'kusanduka kobiriwira. Ndinatsegula, ndipo matumba otsalawo ndinawagaya osapumira. Koma mwambo unali utachedwa kale. Anthu a ku Malomo ananyamuka akungochokera kumanda, osalawa kanthu, kuopa kuti kungawadere m'mapiri. Zimenezo n'zoona ndipo sindizibisa. Mpaka lero pamsika alipo amene amanditchula kuti a Kabokosi. Ndimayankha. Filiji sinazime tsiku limenelo, ndipo nkhungu itabweranso pa maliro ena, yankho langa lidzakhala lomwelo.

Titabwera kumanda sindinakhale nawo pagulu. Ndinapita kuchigayo kukasesa ufa umene unatayikira pansi. Mkatimo munada mwadzidzidzi, ndipo nditatembenuka ndinaona amalume ataima pakhomo. Anayang'ana mtondo wa mayi awo, umene unali udakali panja, kenako manja anga.

"Upake mafuta," anatero.

Ndinagwedeza mutu.

Anapisa m'thumba la jasi n'kutulutsa waya wofiira uja, atamupinda kawiri. Anandigwira dzanja n'kumuika pa matuza pomwepo.

"Sunga iwe. Ana angamutole."

Anatembenuka n'kulowera njira ya kumunsi, kumene kuli nyumba yawo.