Tcheni Ikaduka, Sukulu Yathera Pompo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinasankhidwa kupita ku sekondale yoyendera, kwathu kwa Tengani. Sukuluyo inali kutali, ndipo bambo anga ondipeza anali ndi njinga ziwiri. Yabwinoyo anapatsa Zuze, mwana wawo wobereka okha. Magiya ake anali pahandulo: ukadina ndi chala, pankamveka kuti "tha", giya n'kulowa yokha. Ine anandipatsa chiphapha chimene anabwera nacho kuchokera ku Mozambique. Chinali ndi kachitsulo kosinthira magiya pafelemu, kopanda nambala, kopanda "tha". Unkakakoka pang'onopang'ono uku ukumvetsera, mpaka tcheni itasiya kulira.

"Tcheni ikaduka, sukulu yathera pompo," anatero. "Thonje likufuna anthu kumunda."

"Bambo, mungandionetse masinthidwe ake?"

"Nkhabe," anakana. "Makutu uli nawo."

Munthu uja ndinkadana naye, ndipo sindibisa. Ankadziwa bwino kuti tcheniyo inali yotha, ndipo ankangodikira tsiku lake. Masana ndikamabwera, ndinkawapeza atakhala pansi pa msawu, wailesi atazimitsa dala kuti amve ngati njinga ikukhulana. Ikangolira pang'ono, ankauza amayi mokweza kuti mwana wamkazi pasukulu n'kuwononga zitsulo chabe. Amayi ankangoweramira mapira awo.

Choncho ndinaphunzira. Pamchenga wa m'khwawa louma, dzuwa likuwotcha mpaka chishalo kutentha ngati chiwaya, ndinkafewetsa mwendo kaye, kenako n'kukoka kachitsulo kaja. Kakapitirira ndinkakabweza pang'ono, kamtunda kochepa ngati chikhadabo. Ndisanafike pakhomo ndinkatsika, n'kupukuta fumbi patcheni ndi nsanza. Njinga ija inayamba kulowa pabwalo mwakachetechete, ndipo bambo aja nkhope inkagwa.

Tcheni imene inaduka inali ya Zuze. Waya wa magiya ake unatamuka, "tha" uja n'kumalira pamalo olakwika, iye n'kumangopondabe mwamphamvu chifukwa sanazolowere kumvetsera. Anafika akukankha njinga, tcheni ili m'manja. Ndinkati lero ndiona wina akupatsidwa khasu. Bambo aja anaseka, n'kumusisita pamutu. M'mawa mwake anapita okha ku Bangula kukagula tcheni ina.

Sukulu ndinamaliza ndi tcheni yomwe ija. Masiku ano anthu ena amayamikira magiya akale aja. Amati salephera, amati amaphunzitsa munthu kukhala tcheru. N'zoona, ndipo mpaka lero ndimadziwa kuti munthu wakwiya pongomva mmene watsekera chitseko. Koma ndikamva wina akutcha zimenezi luso, ndimapsa mtima. Mwana amene amamva kaphokoso kalikonse ndi mwana amene sanaloledwe kulakwitsa.

Mwana wanga wamkazi ndinamugulira njinga ya "tha". Amasintha magiya mosasamala, tcheni ikulira msewu wonse, ndipo sindinamudzudzulepo.