Mkazi wachiwiri wa agogo Matiyasi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Matiyasi, ndimamva fungo la makala onyeka ndi mtovu wosungunuka, ndipo m'makutu mwanga mumalira kahamala kawo kamene kankayamba kugogoda malata mame asanaume, osaleka mpaka dzuwa litapendeka. Tinkakhala ku Utale nthawi ya atsamunda, ine ndili kamtsikana kosayamba sukulu. Agogo anali mmisiri wa zitini. Ankagula zidebe za palafini zotha ntchito m'masitolo a ku Balaka, n'kuzidula kupanga nyale za koloboyi, makapu ndi timapoto, zimene ankakagulitsa pa siteshoni sitima ikaima.

Ntchitoyi ankagwirira m'kanyumba ka kuseri. Poyamba chinali chisakasa chabe, koma mvula itawachititsa dzimbiri malata awo, anachimata zipupa n'kuikapo chitseko.

Masiku amenewo msonkho unkatsata nyumba, moti mwamuna wamitala ankakhomera nyumba ya mkazi aliyense. Kalaliki wina wachinyamata anadutsa kudzawerenga nyumba tonse tili kumunda. Anaona zitseko ziwiri, n'kulemba kuti a Matiyasi ali ndi akazi awiri.

Tinazidziwa tsiku lokhoma msonkho, kalalikiyo atawerenga zimenezi pagulu. Anthu anafa nazo nseko. Agogo anakhoma wa nyumba imodzi, n'kupempha mnyamatayo kuti akadzionere yekha. Iye anakana, amvekere buku la boma silinama, ndipo anawapatsa sabata imodzi yoti akhome wa nyumba inayo.

Ndalama ina panalibe, ndipo njira yoipezera inali imodzi, yoti agogo atisiye n'kukalowa ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo. Chinanso, agogo ndiwo ankatsogolera nyimbo kutchalitchi, ndipo Lamulungu limenelo amayi ena ankanong'onezana akuyang'ana agogo aakazi, anaNkhoma.

Agogo aamuna sanakalipe. Lolemba anavala jekete lawo lazigamba n'kupita kumene kalaliki ankatolera msonkho. Anamulonjera, anabwereza pempho lawo, atakanidwa anakhala pansi pa mtengo chipewa chili m'manja mpaka anthu onse atatha. Lachiwiri anachita chimodzimodzi. Lachitatu masana tinangoona akutulukira, kalaliki ali pambuyo akukankha njinga, nkhope ili yotopa.

Agogo anatsekula chitseko cha kanyumbako n'kunena kuti, "Achimwene, lowani mumuone mkazi wangayo. Mukapeza poyala mphasa, ndikhoma msonkho wake lero lomwe."

Mnyamatayo anawerama n'kulowa. Tinamva mutu wake ukugunda nyale zopachikidwa kudenga, zonse zikulira ngwe-ngwe-ngwe. M'katimo munali mvukuto, chidutswa cha njanji chimene ankasulirapo, ndi mulu wa malata wofika m'chiuno. Anatuluka malaya ake oyera ali mwaye wokhawokha.

Agogo aakazi, amene ankasinja chimanga pabwalo, anaimika munsi n'kufunsa kuti, "Akanakhalapo mkazi mnzanga, mwanawe, bwenzi ndikusinja ndekha chonchi?"

Kalaliki anayesa kudzigwira koma analephera, anaseka mpaka misozi. Anakhala pachitsa, anatsekula buku pabondo, anafafaniza nyumba yachiwiri n'kulemba kuti ndi mogwirira ntchito. Anapepesa, tsopano akuwatchula kuti bambo.

Asananyamuke anapempha kuti amulumikizire chivundikiro cha kabokosi kake kachitsulo. Agogo anakonza bwinobwino, kenako anamuuza mtengo womwe ankauza aliyense. Iye atapita, agogo aakazi anawadzudzula kuti munthu amene wawakomera mtima sakanamulipiritsa. Iwo anayankha kuti akanamukonzera ulere, mudzi wonse ukanati agula chilungamo ndi mtovu, ndipo chaka chamawa aliyense wobwera ndi buku akanafuna kugulidwa.

Ku Thyolo sanapiteko. Mvula itatha anagula malata atsopano, nyale zinayenda malonda, ndipo ine ndinayamba sukulu ndi sileti yangayanga. Tinamvanso kuti mmisiri wina wa matabwa ku Phalula, atamva nkhani yathu, anakaitana kalaliki kuti adzaone kanyumba kake.

Lero ndine nkhalamba, ndimasoka zovala pakhonde panga ku Balaka. Akabwera anyamata a msonkho ndi mapepala awo, anzanga ena amatseka zitseko, ena amatukwana. Ine ndimawapatsa mpando, ndimawaonetsa makina anga ndi nsalu zimene ndili nazo, n'kuwauza kuti ayambe aona ndi maso, kenako alembe.