Kachipinda ka Lennah ku Karama

Lennah Kachepa anabadwira ku Mponela m'banja la ana asanu ndi awiri, ndipo mpaka anakwanitsa zaka makumi atatu ndi zinayi asanagonepo m'chipinda cha yekha. Ali mwana ankalimbirana bulangete ndi achemwali ake a Edinah. Atakwatiwa, banja silinakhalitse, anabwerera pamphasa ya kwa amayi ake ali ndi khanda kumsana. Ku Dubai, kumene anapita mu 2016 kukagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Furjan, bwana anamuyalira matiresi m'chipinda cha ana amene ankawalera. Kontirakiti itatha anapeza ntchito yokolopa pachipatala china, ndipo apa ndi pamene anayamba kusaka pogona.

Ku Dubai munthu wa malipiro ngati a Lennah sachita lendi nyumba, ngakhale chipinda. Amachita lendi bedi. Timapepala tomatidwa m'makoma a ku Karama, dera lina la mumzindamo, tambiri tinkati "Kabayan only", kutanthauza kuti akufuna a ku Philippines okhaokha. Anayenda masiku atatu dzuwa likumuwotcha paliwombo. Tsiku lachitatu anagogoda pafulati ina pamwamba pa lesitilanti ya Amwenye, ndipo anatsegula mayi wamfupi wa magalasi, tepi yoyezera zovala ili m'khosi. Mayiyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Umapemphera?"

"Eya, ndine wa Katolika."

"Umaliza mkonono?"

"Sindikudziwa, mayi. Palibe anandidandaulirapo."

Mayiyo anaseka, nakankha chitseko chonse.

Amenewo anali a Marivic a ku Philippines, telala wa madiresi a ukwati, amene anali atakhala ku Dubai zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Fulatiyo inali m'dzina lawo. Onse ankawatchula Ate, m'chinenero chawo ndiye kuti achemwali, ndipo Lennah anangotsatira. M'zipinda ziwiri ndi pabalaza munkagona akazi khumi ndi awiri pamabedi osanjikiza, aliyense ndi kansalu kake kotchinga. M'firiji aliyense anali ndi kabokosi kolembedwa dzina. Pachitseko cha bafa panali ndandanda ya mayina, mphindi khumi munthu mmodzi. Lennah anapatsidwa bedi la pamwamba. Pansi pake pankagona Jhoanna, mtsikana wogulitsa mafuta onunkhira m'molo, chinyumba cha masitolo ambiri, ku Festival City.

Chinenero chawo Lennah sankachimva, koma phokoso lawolo linkamuchotsa kusungulumwa. Lachisanu, tsiku lopuma, ankaphika nkhuku ya viniga mumphika waukulu, n'kumuitana kuti "Len, yalla, tidye." Anazolowera mpunga m'mawa. Iye ankawaluka tsitsi, iwo ankamupenta zikhadabo.

Mu Malichi 2020 mliri unafika. Mamolo anatsekedwa, masaluni nawonso. Kushopu ya Ate madiresi anangokhala lende pazidole, popeza maukwati anali ataimitsidwa. Ngakhale kukagula buledi kunkafuna chilolezo cha pafoni. Mwa anthu khumi ndi awiri aja, Lennah yekha ndiye ankatuluka m'mawa uliwonse kukakwera basi ya kuchipatala.

Anayamba kuona kuti akalowa m'nyumba nkhani zimaduka. Tsiku lina atafika cha m'ma faifi anapeza sutikesi yake ili m'kolido, Ate ataima pambali pake, pakamwa pali masiki.

"Len, ima pomwepo kaye. Atsikanawa akuopa. Tsiku lonse umakolopa m'mawodi mwa odwala, kenako ukudzagona pamwamba pa Jhoanna. Ukudziwa kuti iye ali ndi mphumu."

"Ndiye mukundithamangitsa, Ate?"

"Ayi, mwanawe. Ndakukonzera pako."

Pakepo panali kachipinda kuseri kwa khichini kosungiramo makatoni ndi mafani akufa. Kanalibe zenera. Matiresi sanakwane bwino, kumiyendo anapindikira kukhoma. Lendi inali yomweyo ya bedi. Ate anamuuza malamulo maso ali pansi: azisamba pomalizira, azitsuka bafa ndi jiki akatha, mbale ndi kapu yake zizikhala komweko.

Sabata yoyamba Lennah anakakonda kachipindako. Ankavula momasuka, ankapemphera korona mokweza m'Chichewa, ankazimitsa getsi nthawi imene iye wafuna. A Edinah ataimba kuchokera ku Mponela, ali ndi nkhawa ndi zimene ankamva pawailesi, iye anawayankha mwansangala.

"Tili bwino, achemwali. Panopa ndili ndi chipinda changachanga."

"Iwe, wakwera ndithu. Utijambulire tione."

"Foni yangayi kamera yake ikuvuta," anatero Lennah, akuyang'ana khoma limene akanatha kulikhudza osatambasula mkono wonse.

Masabata anapita. Kuchipatala aliyense anali m'masiki ndi m'magalasi a pulasitiki, moti ankadziwana ndi mayina olembedwa pamsana. M'basi munthu mpando wake, wina wopanda munthu. Kunyumba, khoma lopyapyala lija linkamubweretsera zonse: mapemphero a m'mawa, mkangano wa chaja, kuseka. Pa tsiku lobadwa la Jhoanna anamva akuimba, kenako wina anagogoda, mapazi n'kuthawa. Atatsegula anapeza kachidutswa ka keke pambale yapepala. Anadya atakhala pamatiresi. Atawerenga bwinobwino, anapeza kuti patha masabata asanu ndi atatu popanda munthu womukhudza ngakhale paphewa.

Mu Juni Ate anadwala. Lennah atabwera ku ntchito anapeza zitseko zonse zili zotseka, kuchipinda chimodzi kukumveka chifuwa chouma chimene iye ankachidziwa bwino kuwodi. Atsikana anali atadzitsekera kuchipinda china. Lennah anavala masiki awiri ndi magolovesi, nalowa mochokera chifuwamo. Ate anali atatentha thupi, milomo itauma gwaa. Anawamwetsa madzi, anaimbira ambulansi, ndipo anawatsitsa masitepe atawakoleka paphewa lake.

"Usandigwire, Len, ungatenge," ankatero Ate akupuma movutikira.

"Pondani apa, Ate. Kwatsala masitepe anayi."

Onse m'fulatimo anayezedwa. Atatu anapezeka nawo matendawo ndipo anatengedwa kukaikidwa kwaokha. Lennah analibe. Anamata pepala la zotsatira zake pafiriji kuti aliyense aone, koma palibe anayankhulapo. Patapita masiku awiri anakumana ndi Jhoanna pakhomo la bafa.

"Sitikunena kuti ndiwe, Len," anatero Jhoanna, akubwerera m'mbuyo. "Kungoti ifeyo sitimatuluka."

Lennah anafuna kutchula bambo wobweretsa madzi, wobweretsa gasi, ndiponso ulendo wa Jhoannayo kusitolo. Koma anangodikira kuti onse amalize kusamba.

Ate anabwerako patatha masabata atatu, zovala zikuwagwa. Anapeza mabedi ena ali mbee. Atsikana amene ntchito zinawathera anali atayamba kulembetsa ndege zobwerera kwawo, ndipo sabata iliyonse wina ankamanga katoni yake. Jhoanna anapita mu Julayi. Anatsanzika chapatali, dzanja lili pachifuwa. Mwini nyumba anakana kutsitsa lendi, ndipo mabedi opanda anthu salipira. Mu Ogasiti munatsala anthu anayi.

Lachisanu lina masana Ate anagogoda pakachipinda kaja, ndipo ulendo uno sanathawe. Anakhala pansi pakhomo pomwepo.

"Khalas, Len, zatha basi. Ndikubweza makiyi kumapeto kwa mwezi. Makina osokera ndagulitsa. Ndikupita kwathu, mdzukulu wanga amangondidziwira pafoni."

"Mwachita bwino, Ate."

"Ndinakuika muno ngati katoni. Ukanafuna ukanandisiya pabedi paja."

"Munali ndi anthu khumi oti muwaganizire," anatero Lennah. Sizinali zonse zimene zinali mumtima mwake, koma zinali zoona.

Ate anati mabedi alipo ambiri tsopano, Lennah atha kubwerera kuchipinda chachikulu kwa masiku otsalawo. Lennah anayesa kamodzi, koma mabedi achitsulo opanda matiresi aja anamusowetsa mtendere, ndipo anabwerera kukachipinda kake.

Pa tsiku la ulendo anawanyamulira makatoni awiri mpaka pataxi. Kubwalo la ndege operekeza sankaloledwa, choncho anatsanzikana mumsewu, pakhomo la lesitilanti ija. Ate anamukumbatira mwamphamvu masiki ali pakamwa, kenako anamupatsa kapepala ka nambala ya mnzawo wa fulati ina, misewu itatu kuchokera pamenepo.

"Ndamuuza kuti ndiwe waukhondo, suliza mkonono. Za ntchito yako sindinatchule."

Fulati yatsopanoyo inali ya akazi khumi ndi anayi. Anamupatsa bedi la pamwamba, pafupi ndi chitseko. Akuyala nsalu yake, mayi wa pabedi la pansi anatulutsa mutu pakatani n'kumufunsa kumene amagwira ntchito.

"Ndimakolopa m'maofesi," anatero Lennah.

Kuyambira tsiku limenelo yunifolomu ankavalira kuchipatala, ndipo basi ankakakwerera patsogolo pang'ono, kuseri kwa sitolo ya nsapato. Anakhala m'fulatimo chaka ndi miyezi iwiri. Ankamuitana kukadya Lachisanu, iye ankapita, koma akayamba kufunsana za kuntchito ankanyamuka kukatsuka mbale.