Tinkasankhidwa Pageti

Ndinalowa ntchito pa fakitale yoomba nsalu ku Kafue ndisanakwatiwe. Anandiika m'chinyumba cha makina oomba, mmene phokoso lake munthu sunkamva ngakhale chifuwa chako chomwe. Tinkalankhulana ndi manja basi. Makina oyandikana ndi anga ankayendetsa mayi wina wa ku Chanyanya, wamkulu kwa ine, amene ndinkangowatchula kuti ba sisi. Ndiwo anandiphunzitsa kulumikiza ulusi ukaduka. Anali atakhalitsa pamenepo moti makutu awo anali atayamba kufa. Tikaweruka, thonje lili mbuu m'tsitsi, tinkayendera limodzi kupita ku Estates kumene tinkakhala, ine ndikufuula nkhani zanga, iwo n'kumaseka nkhaniyo itadutsa kale.

Tinali ndi yuniyoni, bungwe lotiimira antchito. Tcheyamani wake anali bambo wamfupi wa mawu aakulu, wokonza makina. Munthu akachotsedwa ntchito popanda chifukwa, ba tcheyamani ankalowa mu ofesi ndi ovolosi yawo yamafuta, ndipo kawirikawiri ankatuluka ali ndi yankho. Chaka china mkaka umene tinkapatsidwa chifukwa cha fumbi la thonje unasiya kubwera. Ba tcheyamani anatiimika tonse panja pa kantini, tinaimba mpaka mawu kusasa, mkaka n'kubwerera. Tinkawakhulupirira bambo amenewo.

Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, nafenso tinavina nawo m'misewu. Posakhalitsa katundu wakunja anayamba kulowa monga madzi a chigumula. Pamsika panadzaza salaula, zovala zovalidwa kale zobwera m'mabelo, ndi zitenje zotchipa zomwe zinkasuluka pozichapa koyamba. Nsalu zathu zinayamba kuunjikana m'nyumba yosungiramo. Makina ena anawaphimba ndi matenti. Tsiku lina mabwana anatisonkhanitsa n'kutiuza kuti fakitale ikugulitsidwa, tonse tipite kunyumba. Ba tcheyamani anakwera pa mgolo n'kunena kuti sagona mpaka aliyense atabwerera pa makina ake. Tinawomba m'manja, koma pobwerera ku Estates palibe anaimba.

Tinakhala nthawi yaitali tili pakhomo, opanda ntchito. Amuna anga, omwe ankagwira ku fakitale ina m'tauni momwemo, nawonso anali atawachotsa. Ku Estates udzu unamera m'mabwalo a mpira, mipope inayamba kuuma, ndipo mabanja ena anapakira katundu n'kubwerera kumudzi.

Kenaka tinamva kuti eni atsopano, anthu ochokera kunja, atsegula mbali imodzi ya fakitale. Tinathamangira kugeti m'mamawa, ine ndi ba sisi, titavala maapuloni athu akale. Kumeneko tinauzidwa kuti ntchito yokhazikika kulibe. Aliyense adzakhala waganyu, wosankhidwa tsiku ndi tsiku, ndipo za yuniyoni asazitchule. Geti litatseguka pang'ono, amene anatuluka kudzasankha anthu anali ba tcheyamani, atavala malaya oyera.

Mkulu wina wa kodayira nsalu ndiye anafuula kumbuyo.

"Ba tcheyamani, shani apa? Mwatigulitsa?"

"Yuniyoni inafa, mudala," anayankha osamuyang'ana. "Naine nili na bana."

Anayamba kuloza ndi chala. Iwe, iwe, imwe uko. Ankasankha kwambiri achinyamata. Ine anandiloza. Ba sisi anawaitana ndi pakamwa, iwo osamva, mpaka ndinawagunyuza ndi chigongono.

M'kati munali mosintha. Munthu mmodzi ankayang'anira makina omwe kale ankayang'anira anthu angapo. Mkaka kunalibe, kantini inali yokhoma, ndipo ukachedwa kuchimbudzi mawa lake sunkalozedwa. Palibe ankadandaula mokweza, chifukwa kunja kwa geti kunali anzathu ambirimbiri akudikira malo athu. Tinayamba kuonana ngati adani. Mkazi amene tinkapemphera naye mpingo umodzi anandikankha tsiku lina kuti aime kutsogolo kwanga, ndipo Lamlungu tinakhala benchi limodzi osapatsana moni.

Vuto la ba sisi linadza masana ena. Mmodzi wa eni fakitale anaima kumbuyo kwawo n'kuwalankhula. Iwo maso anali pa ulusi, sanatembenuke. Anabwerezanso, iwo osatembenuka. Mkuluyo anayesa mwano. Kuyambira mawa lake chala cha ba tcheyamani chinkawalumpha. Koma sanasiye kubwera. Ankaima kutsogolo penipeni, apuloni yochapa bwino, n'kumayang'ana pakamwa pa ba tcheyamani kuti mwina aona akuwaitana. Geti likatsekedwa ndinkawaona pa mpata wa waya akubwerera okha, kambale ka nshima yamasana kali m'manja.

Zinandipweteka moti Lamlungu lina, potuluka m'tchalitchi, ndinapita kunyumba kwa ba tcheyamani. Ndinawapeza atakhala pakhonde akusoka nsapato ya mwana.

"Ba tcheyamani, ba sisi analakwa chani?"

"Mayo, sindine nilamula. Ananiuza kuti safuna munthu wosamva. Akapweteka pa makina, mulandu ni wanga."

"Makutu aja anafera pa makina omwewo. Inu mukudziwa."

"Nidziwa."

"Ndiye bwanji osawauza? Kale munkalowa mu ofesi osagogoda."

Anaika nsapato pansi. "Kale kumbuyo kwanga kunali imwe bonse. Manje nikalowa, nilowa neka. Nikakamba, mailo m'mamawa niimilira na imwe kunja kwa geti."

Akazi awo anandibweretsera madzi. Ndinamwa, n'kutsanzika.

Sindinawauze ba sisi zimene ndinamva, koma anazindikira okha. Anasiya nyumba yawo n'kubwerera kwa mlongo wawo ku Chanyanya, kumene anayamba kuyanika nsomba. Ine ndinapitiriza mpaka mimba ya mwana wanga wachiwiri inayamba kuoneka. Apo nanenso chala chinandilumpha. Mlamu wanga anandithandiza kupeza belo la salaula, ndipo ndinayala tebulo pamsika, kugulitsa zovala zomwe zinatichotsetsa ntchito.

Ba sisi ndinakawaona kamodzi, nditakwera kumbuyo kwa njinga. Anali ataonda, akutsokomola chifuwa chouma chimene ambiri a ife tinachoka nacho m'fakitale. Sitinkatha kucheza bwino. Anangondigwira dzanja, tikuyang'ana mabwato akukocheza. Dzinja lotsatira uthenga unabwera ndi wogulitsa nsomba wina kuti tinawataya, ndipo maliro anali ataikidwa kale.

Eni atsopano aja sanakhalitse. Anatseka, makina ena n'kupakiridwa m'malole. Patapita nthawi ba tcheyamani anatulukira pa tebulo langa, imvi zili mbuu. Ankafuna jekete yakuda, poti anamva kuti ku Lusaka akulemba alonda. Ndinawasankhulira imodzi, anaiyesa, inawakwana bwino m'mapewa.

"Nanga ba sisi banu baja bali bwanji?" anafunsa akumanga mabatani.

Ndinawauza.

Anasiya kumanga mabatani. Kenaka anavula jekete ija, anaipinda mosamala, n'kuibwezera pa mulu. Ndinawaitana kuti aitenge, koma anangokweza dzanja osacheuka, n'kulowera njira ya kusiteshoni ya sitima.