Nyambo ya a Absalom

A Absalom a ku Braunstone, dera lina la mzinda wa Leicester, anabadwira ku Ntcheu, kumapiri, kumene nsomba imafika itauma kale pa njinga ya wamalonda. Mpaka imvi kuyamba kumera anali asanagwirepo mbedza. Ku Leicester anabwera motsatira akazi awo, a Nellie, amene analembedwa unamwino pachipatala. A Absalom, amene kumudzi anali kalaliki wa zaulimi, anapeza ntchito yosanja makatoni m'weyahausi ina kunja kwa tauni. Kutchalitchi amadziwika ngati munthu wa mipando. Ndi amene amalawirira kuholo imene mpingo umabwereka, kuyatsa hita, kuyala mipando, mapemphero akatha n'kuisanjanso pakona. Salankhula zambiri. Chinthu akapanda kuchimvetsa safunsa, amangogwedeza mutu n'kupita nacho kunyumba kukachiganizira.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2018 a Nellie anachitidwa opareshoni ya m'mimba. Bala linkapola bwino, koma chakudya chinawakana. Amayi a mumpingo anasinthana kubweretsa phala, supu, nkhuku yophika mofewa. A Nellie ankalawa kamodzi, kuthokoza, n'kutembenukira kukhoma. Mphete inayamba kuvuka yokha pachala. Dokotala ananena mosabisa kuti akadzabweranso kusikelo thupi likutsikabe, adzawagoneka n'kuyamba kuwadyetsera m'chubu. A Nellie anali atalowetsapo machubu otere m'mphuno za anthu ambiri.

Tsiku lina masana anangoti, "Abambo a Christabel, mukudziwa chimene mtima wanga ukufuna? Nsomba yoti yatuluka m'madzi lero lomwe, ngati za kwathu ku Liwonde. Osati zamufiriji zonunkha katonizi."

A Absalom anagwedeza mutu.

Masiku omwewo anali ataona vidiyo pa foni ya mnzawo nthawi ya buleki. Azungu ovala zijasi anaima pamwamba pa nyanja youndana, anaboola dzenje, n'kumasolola tinsomba tokwana m'chiwaya, kamodzikamodzi, kukazingira pomwepo. Kenaka kumapeto kwa February kunabwera chisanu choopsa chochokera kum'mawa. Mabasi anaima, mapaipi anaphulika, ndipo dziwe la kupaki linauma gwa mpaka abakha ankayenda pamwamba pake akuterereka. A Absalom anaima pampanda kuwayang'ana abakhawo, n'kuona kuti Mulungu wayankha.

Kuntchito kunali Foster, woyendetsa fokolifiti, mzungu wa kuno komwe wotsala pang'ono kupuma pantchito, amene galimoto yake inkanunkha nsomba chaka chonse. Monga amachitira anthu a ku Leicester, Foster ankatchula aliyense kuti bakha, ngakhale mwamuna wandevu. Zaka zonsezi a Absalom sanafunsepo chifukwa chake.

"Kodi nyengo ino nsomba zimagwidwa?" a Absalom anamufunsa Foster Lachitatu lina.

"Ino ndiye nyengo ya paiki, bakha wanga. Loweruka tipitire limodzi. Laisensi ndikugulira pa foni, ndipo kukalabu ndikulembetsa ngati mlendo wanga."

Paiki n'chiyani, kapena kalabu ikukhudzana bwanji ndi ndiwo, a Absalom sanafunse. Loweruka m'mawa anavala mabuluku awiri, n'kulongedza nyundo, tchizulo, mpeni, mchere ndi ndowa ya pulasitiki yochapira. Anauza a Nellie kuti akupita kukatenga nsomba yawo ija.

Malowo anali damu lalikulu lomwe kale ankakumbamo miyala, lotchingidwa ndi mpanda ndi geti lakiyi. Mbali yaikulu inali yoyera mbuu. Foster akutsitsa katundu, a Absalom anatenga nyundo ndi tchizulo, kutsetsereka kugombe, n'kuponda phazi limodzi pa ayezi. Phazi lachiwiri lisanatsatire anamva kukokedwa kolala.

"Ukupita kuti?"

"Kukaboola."

Foster anayang'ana nyundo, anayang'ana a Absalom, kenaka anatenga mpini wa kaukonde kake n'kugogoda pa ayezipo kamodzi. Panasweka ngati mbale yadothi, madzi akuda n'kutulukira.

"Zimene unaonazo ndi za ku Canada," anatero. "Ayezi wathu amanyamula abakha okha. Enieniwo, osati iwe ndi ine."

Anayenda mpaka kumene kamtsinje kamathira m'damumo, komwe madzi anali asanaundane. Foster anatsegula bokosi lake. M'menemo munali nsomba zotchedwa makerele, zonenepa, zamaso owala, zoyalidwa bwino ngati za pamsika. A Absalom anamuyamikira mumtima mnzawoyo kuti wakumbukira za nkhomaliro. Koma Foster anatenga imodzi, kuidula pakati, kuikoloweka ku mbedza n'kuiponya kutali m'madzi.

"Imeneyo ndi nyambo?"

"Paiki ndi bwana, sadya zachabechabe. Ndinagula dzulo kumsika. Ndimamugulira zabwino kuposa zimene ndimadya ine."

A Absalom, ngakhale anali a ku Ntcheu, ankadziwa kuti nyambo ndi nyongolotsi. Munthu wotaya ndiwo m'madzi pofuna ndiwo anali asanamuonepo. Anagwedeza mutu, n'kulandira ndodo yawo.

Anadikira. Mphepo inkalowa m'mabuluku onse awiri. Foster ankathira tiyi wa m'fulasiki n'kumafotokoza za maondo ake. A Absalom ankayang'ana kachoyandama kofiira kamene anauzidwa kuti asakachotse maso, uku akupemphera chamumtima pemphero limodzi lomwelo, lalifupi, lotchula dzina la a Nellie. Zala zitasiya kumva, kachoyandama kaja kanagwedezeka, kanayenda cham'mbali, n'kumira.

"Koka tsopano. Usathamange. Musiye athawe pang'ono."

Ndodo inapindika mpaka a Absalom anaganiza kuti akola chitsa, koma chitsacho chinkayenda. Anakokana nacho mpaka thukuta kutuluka m'chisanu chonsecho. Pomaliza Foster analowetsa kaukonde n'kutulutsa chinsomba chobiriwira chamawangamawanga, chotalika ngati mwendo wa munthu, chapakamwa ngati pa galu, mano ali mbwee. A Absalom anaona ndiwo za sabata yathunthu. Anaona a Nellie atakhala tsonga akusankha minga.

Foster anaigoneka nsombayo pa kamatiresi kofewa kamene anabwera nako. Anachotsa mbedza ndi pulayazi yaitali, akuilankhula motsitsa mawu ngati namwino, n'kumaitchula kuti mayi wamkulu. Anaiyeza pa sikelo, n'kuiika m'manja mwa a Absalom.

"Mwetulira, bakha wanga."

Atajambula, a Absalom anagwada, kukankhira ndowa pafupi ndi phazi, n'kupisa dzanja limodzi m'thumba.

"Mpeniwo ndi wa chiyani?" anafunsa Foster.

"Matumbo ndichotseretu konkuno, kunyumba kusanunkhe."

Nkhope ya Foster inasintha ngati wauzidwa kuti akufuna kumuphera mphaka.

"Ayi, ayi. Ameneyu akubwerera."

"Kubwerera kuti?"

"M'madzi. Ndi lamulo la kalabu, nsomba iliyonse imabwezedwa. Taona chipsera chili pafupi ndi disochi. Ameneyu ndimamudziwa, ndinamugwirapo kale kawiri. Dawood, mnzanga wa kukalabu, anamugwiranso chaka chatha."

"Ndiye zaka zonsezi mukugwira nsomba imodzi yomweyi?"

"Zilipo zinzake."

"Nanga amadya ndani?"

"Palibe. Ndikafuna nsomba ndimakagula yokazingakazinga kumene amagulitsa tchipisi."

Apa a Absalom sanagwedeze mutu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire kugwira ntchito limodzi, anayankhula mawu ambiri motsatizana. Anafotokoza za opareshoni, za mphete, za chubu, za ku Liwonde. Chingerezi chinkawathawa, mawu ena ankatuluka m'Chichewa, koma Foster anamva.

"Bwanji sunanene Lachitatu lija?"

"Ndinkayesa kuti kuwedza ndi kumodzi dziko lonse."

Foster anavula chipewa n'kukanda m'mutu. Anati kalabuyo analowa ali mnyamata, ndipo akangomva kuti mlendo wake wapha paiki, kiyi wa geti amulanda. Anatinso nsomba yokalamba chonchi ndi minga yokhayokha ndi fungo la matope. Kenaka anayang'ana kumbali, kwa abakha. Sanaigwire nsombayo. Inali m'manja mwa a Absalom, ndipo mpeni unali pomwepo.

A Absalom anaimva ikupuma movutikira, makha akutseguka ndi kutsekeka pang'onopang'ono. Kupuma kotero ankakumva kunyumba masabata onsewa. Lamulolo sanalimvetse, ndipo mpaka lero salimvetsa. Koma mnzawo anali atawapulumutsa pa ayezi m'mawa womwewo. Anatsitsa nsombayo m'madzi monga anauzidwira, ataigwira kumchira, mpaka inadzigwedeza yokha n'kulowa pansi mosafulumira.

Atafika pakhomo ku Braunstone, Foster anatsegula bokosi lija n'kukhuthulira makerele otsala m'ndowa ya a Absalom.

"Sanalowepo mufiriji yanga," anatero. "Kaya akana, kaya alola, kayese."

A Absalom anaima pakhomo kanthawi. Zinali zotheka kunena kuti makerelewo awedza okha, koma a Nellie ndi mwana wa m'mbali mwa Shire, ndipo kunama a Absalom sakutha. Anawapeza pa sofa atafunda bulangeti, n'kuwapatsa foni.

A Nellie anayang'anitsitsa chithunzicho. "Mwagwira inuyo chimenechi?"

"Ineyo."

"Chili kuti?"

"Tabweza."

"Mwabweza kwa ndani?"

"M'madzi."

"Chinali chodwala?"

"Ayi, chinali bwinobwino. Tachiyeza pa sikelo."

"Ndiye mwachiyeza, mwachijambula, n'kuchitulutsa m'chipatala."

"Akuti amachidziwa. Anachigwirapo kale."

A Nellie anaika foni pachifuwa. "Nanga m'ndowa yanga yochapirayo muli chiyani?"

"Nyambo."

Poyamba a Absalom anayesa kuti akazi awo akulira, chifukwa mapewa ankagwedezeka ndipo anagwira pamimba ndi manja onse awiri. Anathamangira madzi akumwa.

"Musandiseketse, abambo a Christabel, ulusi ungaduke," anatero a Nellie misozi ikutsika. "Nyundo yonse ija. Mabuluku awiri. Amuna anga apita kokawedza, akumana ndi nsomba, apatsana moni, atsanzikana, n'kubwera ndi nyambo." Anapukuta m'maso ndi ngodya ya bulangeti. "Tabweretsani kuno ndiione."

Anaikanikiza ndi chala, anatsegula makha, anainunkhiza.

"Si ya lero iyi. Koma nsomba ya kunoyo imadya bwino kuposa ife. Kazingani imodzi. Mchere pang'ono, tomato musaike."

A Absalom anakazinga ataimirira chilili, osavula n'komwe jasi. Anabweretsa mbale n'kukhala pampando wa patali, kuopa kuti akayang'anitsitsa zisokonekera. A Nellie anadya mbali imodzi. Anapuma, anasekanso okha, anaitembenuza n'kudya mbali inayo. Kenaka anayamba mutu, mwakachetechete, mmene amadyera anthu a kwawo, osasiya kanthu.

Kusikelo kuja thupi linapezeka kuti lasiya kutsika, ndipo za chubu sizinatchulidwenso. Makerele atatha a Absalom anati apita okha kumsika, popeza malo ake tsopano akuwadziwa. A Nellie anakana. Anati ya kumsika ndi nsomba wamba, iwo akufuna nyambo.

"Mukamufunse Foster," anatero, "kuti apitanso liti kokazonda m'bale wake uja. Ndowa mutenge. Nyundo musiye."