Moni wa a Kalipentala

Mayi Ambulera sanabadwe ndi dzina limeneli ayi. Analipezera pakhonde la sitolo ya nsapato pamene ankasokera zovala, chifukwa kaya kuli mvula, kaya kumwamba kuli mbee, ambulera yakuda sinkachoka m'khwapa mwawo. Kutchalitchi analibe udindo, ndipo kwaya inawakana mwaulemu kawiri konse. Yawo inali ntchito ya miyendo: kuyendera odwala ndi okalamba Lamlungu masana, n'kuwafotokozera ulaliki wa tsikulo. Ena ankanong'ona kuti ulaliki umakoma ukadzera kwa iwo, poti malo onse owodzeretsa ankawasiya m'njira.

Mliri utafika, tchalitchi chinatsekedwa. Abusa ankalalikira mabenchi, wina n'kumajambula mawuwo pafoni kuti atumizire akhristu. Kuyendera odwala, akulu a mpingo sanakuletse, koma analamula kuti woyenderayo aziima panja atavala masiki, osalowa m'nyumba, osagwirana chanza. Basi, Mayi Ambulera anayamba kupempherera pamawindo.

Windo limene ankachedwapo linali la a Dalaivala, bambo amene anayendetsa mabasi mpaka matenda a shuga atawathimitsa maso. Akazi awo anamwalira kalekale, ndipo m'nyumba munali mayi wowaphikira yekha. Mliri usanabwere, amene ankawagwira mkono popita kutchalitchi anali mlamu wawo, a Kalipentala, mlongo wa malemuwo. Awiriwa ankakangana njira yonse. A Dalaivala ankati mlamu wawo amayendetsa munthu ngati wogula layisensi, a Kalipentala n'kuyankha kuti basi yakutha matayala siisankha woyendetsa. Tsopano aliyense anatsekeredwa kwake, ndipo foni sinkathandiza chifukwa makutu a Kalipentala anali atalemera. Choncho moni ndi chipongwe chawo zinkayenda ndi Mayi Ambulera, kuchoka pawindo ili kupita pa ilo.

A Kalipentala anadwala sabata imodzi yokha. Anawaika tsiku lomwelo, mothamanga, anthu ochepa ataima patali. Mwana wa a Dalaivala, amene ankagwira ntchito kutali, anaimbira akulu a mpingo kuwachonderera kuti bambo ake asauzidwe. Anati mtima wawo ndi wofooka, ndipo kulira okha m'chipinda popanda wowagwira paphewa kungawaphe. Akuluwo anavomera kuti adikire mliri uphwe, wophika uja anauzidwa kuti atseke pakamwa, nawo Mayi Ambulera anagwedeza mutu. Kunena zoona, panalibe woipa mtima pamenepo. Kungoti amene anagwirizana anali ambiri, koma wokaima pawindo anali mmodzi.

Lamlungu lotsatira a Dalaivala sanadikire ngakhale pemphero. Anafunsa kuti nkhalamba yogontha ija yati chiyani sabata ino. Mayi Ambulera anati a Kalipentala akupereka moni, akuti basi ija isachite dzimbiri m'galaja. Bamboyo anaseka mpaka kutsokomola.

Zinayamba choncho, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mayiyo anali ndi luso. Ankakhala pa makina osokera mkati mwa sabata akupeka chipongwe cha munthu wakufa, kuchiyesa pakamwa kuti chimveke ngati chake. A Dalaivala ankabweza mawu mokondwa, nthawi zina n'kutumiza uthenga weniweni: mpando wawo wayamba kugwedera, mlamu adzabwere ndi hamala zinthu zikakhala bwino. Mayi Ambulera ankavomera, misozi ikunyowetsa masiki. Kunyumba ankalephera kudya. Kawiri anapita kwa akulu a mpingo kukapempha kuti amasulidwe, koma anawauza kuti apirire, zatsala pang'ono.

Miyezi inapita, tchalitchi n'kutsegulidwa. Akulu anapangana kuti abusa akauze a Dalaivala mkati mwa sabata, koma sabata imeneyo abusa anali pa maliro ena, ndipo aliyense anaganiza kuti mnzake wapita. Lamlungu m'mawa Mayi Ambulera anawapeza atavala kale jekete, akunena kuti mlamu akamupeza kutchalitchi konko. Anawagwira mkono kwa nthawi yoyamba. Anatsimikiza mumtima kuti awauza akafika pamphambano, kenako anati akadutsa sitolo ya mankhwala, kenako anangoona ali pa ndowa yosambira m'manja pakhomo la tchalitchi.

M'katimo mabenchi anali atalembedwa ndi choko, pokhala apa, posakhala apa. A Dalaivala anakhala pamalo pawo pakale, napapasa benchi, n'kuika chipewa chawo pambali kuti wina asalande malo a mlamu wawo. Mayi wina wa kwaya, amene nthawi yonse ya mliri anali kwa mwana wake ndipo za chinsinsicho sankazidziwa, anaima patali pang'ono atagwira pachifuwa.

“Pepani bambo, za alamu anu ndinazimva ndili kutali. Anali munthu wabwino.”

A Dalaivala sanagwe, ndipo mtima umene onse ankauopera uja sunaime. Anangotembenuzira nkhope kumene kunali Mayi Ambulera, nafunsa motsitsa mawu kuti zinachitika liti. Mayiyo anayankha kuti mvula isanayambe.

“Nanga moni uja ankachokera kwa ndani?”

“Kwa ine, bambo.”

Kutsogolo kwaya inali itayamba kuimba, mawu akutsamwa m'mamasiki.

“Ndiye kuti mlamu wanga ali m'dothi, ine ndikumuseka,” anatero a Dalaivala. “Mukanandisiya ndimulire, mayi. Maso ndilibe, koma misozi ndinali nayo.”

Mayi Ambulera anafuna kunena za mwana uja, za akulu a mpingo, za mtima, koma zonse zinaoneka zazing'ono. Mapemphero atatha anaima patsogolo pa bamboyo n'kupereka mkono. A Dalaivala anaugwira, nauzindikira, n'kuusiya pang'onopang'ono. Anafunsa ngati pali wina aliyense wodziwa kumene a Kalipentala anagona, woti angawaperekeze. Mwa onse amene anali pamenepo, amene anaima kumanda tsiku lija anali Mayi Ambulera okha. Mayiyo anayenda patsogolo, bamboyo akutsatira phokoso la nsapato zawo, akupapasa njira ndi ndodo.